Mvula ya Lachiwiri ija si yobzalira

Ndikulemba izi Lachinayi madzulo ndili pakhonde chifukwa m'nyumba simukukhalika, malata atentha tsiku lonse ndipo ngakhale dzuwa lalowa kalekale makoma akutulutsabe moto ngati mbaula. Kuno ku Zomba sabata yoyamba ya Novembala imakhala chonchi chaka ndi chaka koma thupi silizolowera ayi. Ana ayala mkeka pabalaza chitseko tasiya chotsegula, udzudzu ulowe bola kamphepo kalowenso, ndipo nyenje zomwe zinayamba kulira m'mawa mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba zangosiya posachedwapa, makutu mpaka akulirabe okha.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndili ndi kakope kanga kolembamo za nyengo, chaka chino ndi chachisanu. Si zida zapamwamba ayi, ndi chitini chowongoka bwino chopanda khosi chomwe ndinachimangirira pamtengo pakati pa bwalo, kutali ndi denga komanso mitengo kuti madzi odontha asamagweremo, ndiye m'mawa uliwonse mvula ikagwa ndimalowetsamo rula ya ana asukulu nkuwerenga mamilimita. Milimita imodzi m'chitinimo ndiye kuti pamalo a mita imodzi mulitali mita imodzi mulifupi pagwa lita imodzi ya madzi, basi, masamu ake ndi omwewo. Palinso kachipangizo koyezera kutentha kamene ndinakapachika pakhonde pamthunzi. Ndikudziwa kuti kamawonjezera pang'ono chifukwa kali pafupi ndi malata, choncho manambala anga musawayerekeze ndi a ku malo ofufuzira zaulimi a Makoka kapena a zanyengo, koma poti ndimayeza malo amodzimodzi nthawi imodzimodzi amandiuza ndithu ngati lero kwaposa dzulo.

Sabata ino zakhala motere. Lolemba masana kanafika pa 33, Lachiwiri 34 mvula isanabwere, Lachitatu kanatsika pa 30, lero kabwereranso pa 33. Koma chomwe chikundisowetsa tulo si masana, ndi usiku, chifukwa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha nthawi imene kumayenera kuzizirako kakumakhalabe pa 22 kapena 23. Mu Juni nthawi yomweyo timafunda mabulangeti awiri. Pano ngakhale chitenje chikulemera.

Chinthu china chimene ndinachita ndi ana dzulo, ndipo ndikufuna nanunso muyese mawa ngati kuli dzuwa. Zomba ili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa Equator, ndiye kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa pamutu penipeni, likubwera kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndipo lidzadutsanso pobwerera kumayambiriro kwa Febuluwale. Tinazika ndodo yowongoka pabwalo nkumayang'ana chithunzithunzi chake chikufupika, chikufupika, mpaka cha m'ma 11:20 chinangotsala kadontho patsinde pa ndodoyo. Osati 12 koloko ayi, kuno dzuwa limafika pakati mofulumira chifukwa tili chakum'mawa, nchifukwa chakenso pano likumatuluka cha m'ma 5 koloko nkulowa 6 isanakwane. Mwana wanga wamng'ono anazungulira ndodo ija kufunafuna chithunzi chake chomwe, anangochipeza pansi pa mapazi. Ndiye mukamadabwa kuti bwanji Okutobala ndi Novembala kumaotcha chonchi, nkhani ndi imeneyo, dzuwa likumenya nthaka molunjika, nthakayo ndi youma gwa palibe chinyezi choti chiyambe chauma kaye, kumwamba kulibe mitambo yokwanira yotchinga, ndiye moto wonse ukungothera kutenthetsa dothi ndi mpweya.

Phiri la Zomba nalo masiku apitawa silimaoneka bwino, linali lotuwa ndi utsi ndi fumbi, usiku umaona mizere ya moto ikukwera m'mbali mwake. Zimandipweteka mtima zimenezi chifukwa madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo, ndipo phiri likapsa chonchi mvula yoyamba simalowa pansi, imangokokolola phulusa ndi dothi kutsetsereka nazo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano Lachiwiri lija. Kuyambira m'mawa kunali zii, tsamba silimagwedezeka, thukuta kumangoyenderera ngakhale utangokhala. Cha m'ma 12 timitambo toyera tinayamba kuunjikana pamwamba pa phiri chakumtunda kwa Ku Chawe, pofika 2 koloko tinali titakula nkukhala chimtambo chimodzi chachitali chakuda kunsi, pamwamba pake poyera mbee potambasuka ngati tebulo. Ndinali ndikubwera kuchokera kumsika ndipo amayi ogulitsa tomato ndi masamba anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala apulasitiki. Choyamba kufika sinali mvula, inali mphepo, yozizira bwino koma yaukali, inanyamula fumbi, majumbo, masamba ouma, kavuluvulu wina anadutsa pamsewu mpaka a kabaza anaima nkuphimba kumaso. Mphepo imeneyi ndi imene imatsika ndi mvula kuchokera mumtambomo nkumwazika pansi kutsogolo kwake, ndipo ndi imene imasasula madenga nyengo ino, osati mvula yeniyeniyo. Kwa aneba athu lata limodzi la pakhitchini linanyamuka nkukagwera m'munda mwa chinangwa, mwamwayi panalibe munthu pafupi.

Kenako madontho akuluakulu, amodziamodzi, ofunda, akumenya fumbi nkumasiya timaenje, ndiye fungo lija la dothi lonyowa koyamba, aaa inu, fungo limenelija palibe chofanana nalo, ana onse a m'dera lathu anatuluka kukavina pamvula ndipo palibe kholo linawaletsa mpaka bingu loyamba litawomba pafupi. Panagwanso timatalala tochepa ngati nandolo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Yonse inatenga mwina mphindi 25, kenako inadukiza ngati munthu watseka mpopi, dzuwa linatulukanso, nthaka nkumafuka nthunzi.

M'chitini munali mamilimita 9.

Lachitatu m'mawa ndinatenga khasu nkukumba pamzere kuseri kwa nyumba. Chinyezi chinalowa zala zitatu basi, pansi pake fumbi lokhalokha lotentha ngati kuti sikunagwe kanthu. Lero ndakumbanso pomwepo, zala zitatu zija zauma kale. Ngumbi sizinatuluke, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pomwe ana amakatchera chaka chilichonse panali zii, achule kudambo analira usiku umodzi wokha nkusiya.

Ndiye Lachitatu lomwelo madzulo foni inalira, amayi kumudzi cha ku Jali. Kumeneko akuti inagwa yamphamvu kuposa kuno, madzi mpaka anayenda m'mizere, ndipo anthu ena m'mudzimo anadzuka ndi mbewu m'manja. Amvekere, "Mwanawe, anzathu ayamba kubzala, ine ndizingoyang'ana? Mbewu ija unatumiza ili pompano." Ndinati amayi pepani, dikirani kaye pang'ono, imeneyi ndi chizimalupsa, tatengani khasu mukumbe pamzere mundiuze pamene chinyezi chalekezera. Anaseka nkunena kuti iwo anayamba kulima ine ndisanabadwe, zomwe ndi zoona, ndipo sindingayerekeze kuwaphunzitsa khasu. Koma anapita kukakumba ndithu, atabwera anati chalowa ngati chikhatho chimodzi, pansi pake mpouma.

Dzina lakuti chizimalupsa makolo sanangolipeka. Ndi mvula yozima lupsa, imabwera kudzazimitsa moto wa m'tchire ndi kutsitsa fumbi, nthawi zina kumapeto kwa Okutobala nthawi zina kumayambiriro kwa Novembala, ndipo kawirikawiri pambuyo pake pamadutsa sabata imodzi, ziwiri, ngakhale zitatu kuli ng'amba. Vuto lake ndi lakuti imanyowetsa mokwanira kuti njere ya chimanga imwe madzi, ifufume, iyambe kumera, koma siyisiya madzi pansi oti kamuzu kakatsika kakapeze. Ndiye dzuwa la 33 lija likabwerera kambewuko kamapserera m'nthaka momwemo kasanatuluke nkomwe, kapena kamatuluka nkufota patatha masiku anayi. Njere imene yangokhala pouma osanyowa bola, imatha kudikira. Koma imene yayamba kumera siyibwerera m'mbuyo. Ndipo tonse tikudziwa mtengo wa paketi ya mbewu masiku ano, si chinthu chogula kawiri.

Alangizi a zaulimi amatiuza kuti mvula yobzalira ndi imene yagwa mamilimita 25 kapena kuposerapo m'masiku awiri atatu otsatizana, yonyowetsa nthaka mozama mpaka khasu lonse kulowa osapeza fumbi, ndipo kutsogolo kwake kukuoneka kuti ibweranso posachedwa. Kwa amene alibe chitini, khasu lomwelo ndi chida chokwanira, kumbani pakati pa mzere, tengani dothi la pansi mulifumbate, likagwirana nkukhala chibuma ndiye kuti zayamba kutheka, likangoyoyoka m'manja dikirani.

Ndisaname, mbali ya amayi ndikuyimvetsa kwambiri ndipo si yolakwika. Wobzala ndi mvula yoyamba yeniyeni ndi amene amakolola bwino, chimanga chimakula nthaka ikadali yofunda, chimapitirira udzu, ndipo mbozi zija za ntchemberezandonda zomwe zinatifika cha m'ma 2017 zimakonda kusakaza kwambiri chimanga chochedwa. Kuchedwa sabata ziwiri mvula itayamba kale kumadya matumba. Ndiye munthu amene waonapo zimenezi moyo wake wonse akamva fungo la dothi lonyowa mtima sukhala m'malo, amaopa kutsalira. Chovuta ndi kusiyanitsa mvula yoyamba kugwa ndi mvula yoyamba yobzalira, chifukwa zaka zina zimakhala imodzi yomweyo, zaka zambiri ayi.

Ife zinatichitikira mu nyengo ya 2023 mpaka 2024, chaka cha El Niño chija. Tinathamangira kubzala ndi mvula ya apo ndi apo, theka la munda silinamere, tinagulanso mbewu nkubzalanso, ndiye chimene chinamera chija chinadzakumana ndi ng'amba ya Januwale ndi Febuluwale chili pafupi kumasula. Mukukumbuka kuti mu Malichi 2024 a Chakwera, ali pulezidenti, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilalacho. Ng'amba ya pakati pa dzinja ija palibe akanaitha, imeneyo sindikunena. Koma mbewu yoyamba ija tinataya tokha ndi manja athu, ndipo ndalama imene inapita pa paketi yachiwiri ndi imene ikanagula feteleza wobereketsa. Kuyambira pamenepo ndimalimbikira za khasu ndi chitini.

Nanga mvula yeniyeniyo imachokera kuti, ndipo tiziyang'ana chiyani? Mvula ngati ya Lachiwiri imapangika pompano, dzuwa latenthetsa nthaka, mpweya wotentha wakwera, phiri laukankhira m'mwamba, kachinyezi kochepa kamene kalipo kasanduka mtambo umodzi, wakhuthula pamalo amodzi nkutha. Nchifukwa chake ku Jali inagwa yambiri, kuno 9, ndipo mnzanga wa ku Domasi akuti kwawo kunangowomba mphepo ndi fumbi osagwa ngakhale dontho. Mvula ya dzinja ndi ina, imafuna kuti mpweya wonse wa dziko lino usinthe, ubwere wachinyezi wochokera ku nkhalango za ku Congo kudzera kumpoto chakumadzulo, ukumane ndi wochokera ku nyanja ya Indian Ocean, ndipo mzere umene mphepo zimenezi zimakumanirana, umene a zanyengo amautcha ITCZ, utsike kufika kwathu kuno kutsatira dzuwa. Umatsalira m'mbuyo mwa dzuwa ndi masabata angapo, nchifukwa chake dzuwa limadutsa pamutu kumayambiriro kwa Novembala koma mvula yokhazikika kuno kummwera nthawi zambiri imayamba pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, ndipo kumpoto kwa dziko imachedwerapo.

Ndiye chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi mphepo. Sabata yonse ino m'mawa utsi wa moto wa aneba ukumapita chakumadzulo, kutanthauza kuti mphepo ikuchokerabe kum'mawa, chakunyanja ya Chilwa, ndipo ndi youma, zovala zochapa zikumauma ola limodzi lisanathe. Tsiku limene mudzaone utsi watembenuka, mphepo ya mpoto yayamba, usiku kuli chifundizi chomata thupi thukuta osauma, mchere m'mbale wayamba kunyowa wokha, mitambo ikuoneka kuyambira m'mawa osati kudikira 2 koloko, ndipo ikuphimba thambo lonse osati paphiri pokha, pamenepo konzekani. Zimenezo sindinazionebe. Usiku wa dzana ndi dzulo nyenyezi zinali mbee thambo lonse.

Zizindikiro za akuluakulu nazo ndimazilemba m'kope momwemo. Agogo anga ankayang'ana nyerere zikamasamuka zitanyamula mazira kupita pokwera, anamzeze akamauluka motsika m'magulu, achule akamalira usiku wonse osalekeza, ndi ngumbi. Zimenezi ndimazikhulupirira chifukwa tizilomboti timamva chinyezi mumpweya ndi m'nthaka ife tisanamve. Za mitengo ndimaziona mosiyana pang'ono, mitengo ya m'tchire inaphuka masamba ofiira aja mu Seputembala, majakaranda a m'tauni ayoyola kale maluwa awo, mitengo ya maluwa ofiira ija yayamba kuyaka m'misewu, mango akupsa, masuku ayamba kuoneka m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, zonsezi zimatiuza kuti nyengo yafika pakhomo koma sizitiuza tsiku. Pa nyerere ndi anamzeze, mpaka lero sindinaone chachilendo.

Tsono masiku akubwerawa ndikuwaona bwanji. Uku ndi kuona kwanga, kwa munthu wa chitini ndi kope, ulosi weniweni muzimvera a Nthambi ya Zanyengo ndi Kusintha kwa Nyengo pa wailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook, makamaka machenjezo a mphepo ndi kutentha. Mawa Lachisanu ndi Loweruka ndikuyembekezera zomwezi za lero, m'mawa kowala, pofika 10 koloko kwatentha kale, masana pakhonde panga 32 mpaka 34, mitambo kuunjikana paphiri masana, mabingu kumveka chapatali, ndipo penapake pagwa mvula yamphamvu ya mphindi zochepa pomwe mudzi woyandikana nawo ukungolandira fumbi. Atha kukhala ife, atha kukhala a ku Thondwe kapena Namadzi, palibe anganene. Kumadera otsika monga kuchigwa cha Chilwa ndi ku Liwonde kutentha kukhala koposa kuno, ndipo abale athu a ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje nyengo ino kudutsa 40 si nkhani yachilendo, muziwaimbira foni. Amene muli ndi mpata wokwera phiri Loweruka kwerani, mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, ndiye pamwamba paja pamakhala ngati dziko lina.

Lamulungu kupita Lolemba ndi Lachiwiri ndi pamene ndikuyang'anitsitsa. Kutentha kukamaunjikana chonchi masiku anayi asanu osapumira, kawirikawiri kumathera mu chimvula china cha mabingu choposa choyamba chija, ndipo foni yanga ikuonetsa timitambo ta mvula masiku amenewo. Koma za mafonizi tichenjere nazo, nyengo ino amaika kachizindikiro ka mvula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akalemba 60% sakutanthauza kuti kugwa mvula yambiri, akungonena mpata woti igwe, itha kukhala mamilimita awiri. Muziyang'ana pamene alemba kuchuluka kwake, ndipo zoposa masiku atatu kutsogolo muzingozitenga ngati mphekesera. Ine kuona kwanga, ngakhale itagwa Lamulungu kapena Lolemba, pokhapokha mphepo itatembenuka, idzakhalabe ya apo ndi apo. Sindikuyembekezera mvula yobzalira sabata yamawa isanathe, ndipo ndikadakonda nditalakwitsa.

Zimene tinagwirizana ndi amayi ndi izi, masiku amenewa amalize mizere imene yatsala kumunsi kwa munda, akwirire manyowa m'mapando, mapesi amene sanaotchedwe awayale pamwamba kuti mvula ikadzabwera chinyezi chisathawe msanga, mbewu ya chimanga ya Kanyani ija ikhale pouma pamwamba osati pansi pa simenti. Mphwanga apite kukawathandiza Loweruka, ayambe 5 koloko dzuwa likungotuluka, 9 ikamakwana akhale ataweruka, chifukwa amayi ndi munthu wamkulu ndipo akagwira khasu saona nthawi. Ikadzagwa yeniyeni munda wonse udzabzalidwa masiku awiri, palibe kuchedwa kulikonse pamenepo.

Kwa ife a m'tauni ntchito ilipo yambiri masiku ouma atsalawa. Kwerani padenga m'mawa kusanatenthe muone misomali imene yazuka, lata limene likugwedera likhomeni pano, miyala ndi matayala oika pamwamba sizithandiza mphepo ngati ya Lachiwiri ikabwera, zimangosanduka zida zogwera anthu. Nthambi zouma zimene zili pamwamba pa nyumba dulani. Ndipo ngalande, abale, ngalande. Mvula ya mphindi 25 yokha ija inatulutsa majumbo, mabotolo ndi matewera onse amene takhala tikutaya chilimwe chonse nkuwaunjika pa kalavati ya kumunsi kwathu, madzi anayamba kale kudutsa pamwamba pa msewu. Ndi mamilimita 9 amenewo. Tsiku limene idzagwe 60 usiku umodzi madziwo adzalowa m'nyumba za anthu. Ife a ku Zomba sitifunika kuuzidwa za madzi otsika m'phiri, akuluakulu amakambabe za Napolo wa mu Disembala 1946, a ku Phalombe ali ndi wawo wa 1991, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 tonse tinamuona ndi maso, momwe Likangala inadzadzira. Loweruka m'mawa ife a mzere wathu tagwirizana kutuluka ndi makasu ndi mafosholo, amene muli pafupi bwerani.

Za ziphaliwali ndinene pang'ono chifukwa mvula zoyambazi ndi zimene zimakhala ndi mphenzi zoopsa ndipo chaka chilichonse timamva za anthu ophedwa ali kumunda kapena atabisala pansi pa mtengo. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga, masekondi atatu alionse bingu lisanamveke ndi kilomita imodzi. Lachiwiri lija ndinawerenga kufika pa 4 basi, ndipo ndi pamene ndinathamangitsira ana m'nyumba. Bingu likamveka ndiye kuti muli kale pafupi mokwanira, chokani pabwalo la mpira, chokani kudambo, musaime pansi pa mtengo wa mango ngakhale mvula ikhale yowawa bwanji, lowani m'nyumba kapena m'galimoto. Ana oweta mbuzi ndi ng'ombe auzeni zimenezi mobwerezabwereza.

Madzi akumwa nawonso, zitsime zambiri zaphwa, pamjigo mzere wa ndowa ukumayamba 4 koloko m'mawa, ndipo mvula yoyamba ikagwa imakokolola zonyansa zonse kulowetsa m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale. Thirani mankhwala m'madzi kapena wiritsani, ndipo kutenthaku muzimwa ngakhale musanamve ludzu, makamaka ana ang'ono, agogo, ndi anyamata a kabaza amene akupalasa dzuwa lili pamutu. Mango ogwa pansi ana atsuke asanadye.

Bambo wina amene amatibweretsera matemba kuchokera ku Kachulu anandiuza dzulo kuti madzi a Chilwa abwerera m'mbuyo ndithu mwezi wathawu, mabwato akumawakankha m'matope kaye asanayandame. Nyengo ino zimatero, nyanja ija ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukira, madzi ake amangothera kumwamba ndi dzuwa, ndiye Okutobala ndi Novembala ndi pamene imatsika kwambiri. Amene tinaiona mu 2018 itauma anthu nkumayenda pansi pomwe panali madzi, timayang'ana kumeneko ndi nkhawa chaka chilichonse. Madzi ake ambiri amachokera m'mapiri athu omwewa kudzera mu Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe, ndiye nayonso ikudikira mvula yomweyo imene amayi akudikira.

Pamene ndikumaliza kulemba apa kukung'anima chakummwera cha kum'mawa, mbali ya ku Mulanje, kung'anima kwa phee kopanda bingu, ndiye kuti ili kutali kwambiri, mwina ikugwa ku Phalombe kapena kutsidya ku Mozambique. Kuno nyenyezi zilipo, kamphepo kakuchokerabe kum'mawa, kachipangizo kali pa 27 nthawi ino ya 9 koloko usiku. Chitini ndachipukuta ndachibwezera pamtengo pake. Amene muli ku Jali, Mayaka, Chingale, Malosa kaya Songani, ikagwa kwanuko kumbani pamzere mundiuze zala zingati, ndizilemba m'kope. Amayi ndiwaimbira mawa 6 koloko asanapite kumunda.